Sikani ya mimba yaing'ono: kudziwa msanga ndi kukhala okonzeka

Amayi anzanga a m'bungwe, kwathu kuno mimba ya miyezi iwiri sititchula. Mayi amamanga chitenje chake molimba n'kumapita kumunda ngati kale, apongozi n'kumangoonera pa malovu ndi kukana ndiwo. Ena amaopa kuti anthu akadziwa msanga aimanga, ena ndi manyazi chabe. Motero ambiri amayamba sikelo mimba itaonekera kale, pa miyezi isanu kapena kupitirira. Komatu miyezi itatu yoyambayo, imene timabisa, ndi imene mimba zambiri zimapita padera, ndipo mayi amene sanauze munthu amakumana ndi vutolo ali yekha, mwina usiku, chipatala chili kutali.

Mutha kubisira mudzi wonse, palibe cholakwa. Koma musabisire chipatala, musabisire bambo a kunyumba, ndiponso musabisire mayi mmodzi amene mumamukhulupirira.

Chifukwa choyambira sikelo msanga

M'chaka cha 2016, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti mayi woyembekezera azionana ndi azaumoyo maulendo 8, ndipo ulendo woyamba uzikhala mimba isanapitirire masabata 12. Linalangizanso kuti mayi aliyense ajambulidwe pa sikani kamodzi mimba isanakwane masabata 24. Zipatala zathu zikutsata uphungu umenewu.

Masabatawa timawerenga kuyambira tsiku loyamba la msambo womaliza. Choncho zolowerani kulemba tsikuli, kaya pa kalendala ya kutchalitchi, kaya kuseri kwa buku lanu la kuchipatala. Mwezi ukadumpha, pitani mukayezetse. Pa ulendo woyamba azamba amayeza kuchuluka kwa magazi ndi kuthamanga kwake, amayeza HIV ndi chindoko, amakupatsani mapiritsi owonjezera magazi ndi neti yogonamo. Chindoko ndi malungo zimatha kupha mwana m'mimba, koma zonse ziwiri zili ndi mankhwala zikapezeka msanga. Mankhwala a SP oteteza ku malungo amayamba mimba ikadutsa miyezi itatu, ndiye kuti m'miyezi yoyambayo chitetezo chanu chachikulu ndi neti.

Kodi sikani ndi chiyani?

Sikani si X-ray. Makina ake amatumiza m'mimba mafunde a phokoso limene khutu la munthu silingamve, ndipo mafundewo akabwerera amapanga chithunzi pa galasi. Siwotcha mwana, sichepetsa magazi, ndipo siletsa kubereka. Wojambula amapaka mankhwala oterera, ozizira pang'ono, n'kuyendetsa kachipangizo pamimba. Mimba ikakhala yaing'ono angakupempheni kumwa madzi ambiri ndi kusakodza kaye, kuti chiberekero chioneke bwino.

Pali zinthu zinayi zimene sikani imatiuza pa mimba yaing'ono. Choyamba, ngati mimba yakhala pamalo pake, m'chiberekero. Chachiwiri, ngati mwana ndi mmodzi kapena mapasa. Chachitatu, kukula kwa mimba ndi nthawi imene mungayembekezere kuchira. Muyeso wa m'miyezi itatu yoyamba ndiwo umalondola kwambiri tsikuli kuposa wa mochedwa. Chachinayi, ngati mtima wa mwana ukugunda. Kugundaku kumayamba kuoneka pa masabata 6 kapena 7, ndipo pojambula pamwamba pa mimba nthawi zina kumachedwerapo kuoneka.

Pa chifukwa chimenechi, mukauzidwa kuti mubwerenso pakatha sabata imodzi kapena awiri, musafulumire kulira. Mwina masiku anu anasokonekera ndipo mimba ndi yaing'ono kuposa mmene mumaganizira. Wojambula wosamala sanena kuti mwana wamwalira asanatsimikize. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Dziwaninso zimene sikani singathe. Pa miyezi iwiri siingakuuzeni ngati mwana ndi wamwamuna kapena wamkazi. Ndiponso sikani si mankhwala. Kuona mtima ukugunda kumapereka chiyembekezo chachikulu, chifukwa mimba zambiri zofika pamenepo zimapitirira bwino, koma sikutseka khomo la ngozi. Sikelo ipitirire.

Si chipatala chaching'ono chilichonse chili ndi makinawa. Funsani azamba a kwanu kumene amatumiza amayi, kaya ku chipatala cha boma pa Mchinji, kaya ku zipatala za mpingo monga za ku Kapiri, Ludzi ndi Guilleme. Funsiranitu masiku amene amajambula komanso ngati pali cholipira, kuti musataye ndalama ya kabaza pachabe. Amene mumawoloka malire kukagulitsa malonda ku Chipata kapena kukaona abale, buku la kuchipatala likhale m'chikwama nthawi zonse. Vuto likakupezani kutsidya, azamba a kumeneko adzawerenga zimene anzawo analemba ndipo sadzataya nthawi.

Kupita padera si kwachilendo

Mwa mimba 100 zilizonse zimene amayi azizindikira, pafupifupi 15 zimapita padera. Akatswiri amene analemba m'magazini ya zachipatala ya The Lancet m'chaka cha 2021 anawerengera kuti padziko lonse mimba 23 miliyoni zimapita padera chaka chilichonse. Mukayang'ana amayi amene mwakhala nawo pamsonkhano uno, dziwani kuti angapo anadutsamo, ngakhale sananene.

Pafupifupi theka la mimba zopita padera m'miyezi yoyamba zimatero chifukwa cha mmene mwanayo anaumbikira pa chiyambi penipeni. Mbewu ya bambo ndi dzira la mayi zikakumana, chilichonse chimabweretsa theka la malangizo omangira thupi la mwana. Nthawi zina malangizowa amachuluka kapena kuperewera mwangozi, ndipo mwana amaleka kukula. Palibe chimene mayi anachita, ndipo palibe dokotala kapena sing'anga amene akanaletsa. Ngoziyi imakula mayi akapitirira zaka 35, makamaka 40. Zina zimene zimawonjezera ngozi ndi malungo, matenda a shuga osasamalidwa, fodya, mowa, kumenyedwa, ndi kumwa mankhwala osadziwika mphamvu yake, a m'botolo kapena a zitsamba.

Kusinja, kutunga madzi, kukwera njinga, kapena kukhala malo amodzi ndi mwamuna wanu sizichititsa mimba yabwinobwino kupita padera. Tsono tileke kufunsa mayi wovutika kuti wachita chiyani. Mabanja ambiri apasuka ndipo agogo ambiri atchulidwa ufiti pa nkhani imene inayambira m'kati mwa dzira, diso la munthu lisanaone kanthu.

Kukonzeka si kuitana tsoka

Timafolera nyumba mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndipo palibe amene amati tikuitana mvula. Kukonzekera ngozi ya mimba n'chimodzimodzi. Mayi akangodziwa kuti ali ndi pakati, banja likambirane mafunso awa: tikapita chipatala chiti, adzatinyamula ndani usiku, ndalama ya ulendo ili pati, ana adzatsala ndi yani, ndipo ndi abale ati amene angapereke magazi atafunika. Sungani nambala ya wa kabaza wodalirika. Ngati kwanu mitsinje imadzaza m'dzinja, dziwiranitu njira ina. Ikani pamodzi buku la kuchipatala, zitenje zoyera ndi nsalu zovala posamba.

Kudontha magazi pang'ono m'miyezi yoyamba kumachitikira mayi mmodzi mwa anayi, ndipo ambiri a iwo amadzachira bwinobwino. Komabe magazi aliwonse pa mimba ndi ofunika kuti azamba awaone. Zizindikiro izi ndiye sizidikira kuti kuche: magazi ochuluka onyowetsa nsalu ziwiri pa ola limodzi kapena otuluka ndi zibuma, kupweteka kwambiri m'munsi mwa mimba, makamaka mbali imodzi, chizungulire, kukomoka kapena thukuta lozizira, kupweteka pansonga ya phewa, kutentha thupi, ndi chikazi chonunkha.

Kupweteka kwa mbali imodzi ndi chizungulire zingatanthauze kuti mimba yakhala kunja kwa chiberekero, kawirikawiri m'kanjira kamene dzira limadutsamo. Izi zimachitika pa mimba imodzi kapena ziwiri mwa 100. Mwana sangakule pamenepo, ndipo kanjirako kakaphulika mayi amataya magazi m'kati, kunja kukuoneka ochepa kapena osaoneka n'komwe. Mayi wotere angamwalire m'maola ochepa. Apa ndi pamene sikani ya msanga imapulumutsa moyo, chifukwa imatha kuonetsa vutoli kanjira kasanaphulike. Musayambe mwamuthira madzi kapena kumufunira mankhwala a m'mudzi. Pempherani muli m'njira.

Mimba ikapita padera

Nthawi zina zonse zimatuluka zokha. Nthawi zina zina zimatsalira, kapena sikani imaonetsa kuti mtima unaleka kugunda koma thupi la mayi silinazindikire. Azachipatala akatsimikiza, angakuuzeni kudikira masiku angapo, angakupatseni mapiritsi othandiza chiberekero kutulutsa zotsalira, kapena angatsuke m'chiberekero. Zotsalira zikasiyidwa zimatha kuyambitsa kutaya magazi kapena kuola, ndipo kuolako kumatha kutseka njira za mazira mpaka mayi osadzaberekanso.

Amayi ena achikhristu amakana chithandizochi poganiza kuti n'kuchotsa mimba. Sichoncho. Mpingo umaletsa kupha dala mwana wamoyo. Kuchotsa zotsalira za mwana amene wamwalira kale, kapena kuchita opaleshoni yochotsa kanjira kowonongeka kuti mayi asafe, si tchimo limeneli. Ndipo mayi aliyense wotaya magazi ayenera kuthandizidwa msanga popanda ife kuyamba tamuweruza.

Magazi amatha kupitirira kwa sabata imodzi kapena awiri, akucheperachepera. Msambo umabwerera pakati pa masabata 4 ndi 6, koma mayi angatenge mimba ina usanabwerere, choncho kambiranani ndi azamba, inu ndi bambo, za nthawi yopumira. Musakhale malo amodzi mpaka magazi atasiya. Imwani mapiritsi a magazi, idyani nyemba, mtedza, usipa, mazira ndi masamba obiriwira. Amayi ambiri amene anapita padera amadzabereka ana amoyo. Ndi pafupifupi mmodzi yekha mwa 100 amene zimamuchitikira katatu motsatizana, ndipo ameneyo apite kwa dokotala kuti akafufuze chifukwa.

Nanga mwanayo ali kuti?

Pa mwambo wathu mtayo amakaika amayi akuluakulu okha, mwakachetechete, ndipo mayi amauzidwa kuti asalire. Koma mtima wake umadziwa kuti wataya mwana. Mulekeni alire. Bambo nawonso aferedwa, ngakhale sanena.

Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa nambala 1261, amaphunzitsa kuti ana omwalira asanabatizidwe timawapereka ku chifundo cha Mulungu, tili ndi chiyembekezo cha chipulumutso chawo. M'chaka cha 2007, Papa Benedict XVI anavomereza chikalata cha akatswiri a zaumulungu chimene chinatsindika chiyembekezo chomwechi. Lamulo la Mpingo nambala 871 likuti mwana wotuluka nthawi isanakwane, ngati ali moyo, abatizidwe pamene n'kotheka, ndipo pa ngozi yotere munthu aliyense angabatize ndi madzi ndi mawu a ubatizo amene tonse timawadziwa. Makolo ali ndi ufulu wom'patsa dzina mwanayo ndi kupempha bambo mfumu kuti awapempherere kapena kupereka Misa.

Ntchito ya bungwe lathu

Pa Luka mutu 1 timawerenga kuti Maria atangotenga pakati ananyamuka kupita kwa mbale wake wamkulu, Elizabeti, nakhala naye pafupifupi miyezi itatu. Miyezi yomwe ija imene ife timabisa, Amayi athu anaikhala pafupi ndi mayi wina wodziwa zinthu. Mtsikana aliyense wa mumphakati wanu akusowa Elizabeti wake: mayi wosunga chinsinsi, womuperekeza ku sikani, wokhala naye pa benchi pamene akudikira zotsatira.

Boma lathu lino lili ndi umboni wa zimene amayi angachite. Pulojekiti ya MaiMwana inakhazikitsa magulu a amayi m'midzi ya Mchinji, okumana kukambirana mavuto a uchembere ndi kupeza okha njira zowathetsera. Zotsatira zake, zofalitsidwa m'chaka cha 2013, zinasonyeza kuti magulu otere angathe kuchepetsa imfa za amayi ndi makanda, ndipo m'chaka cha 2014 WHO inalimbikitsa njira imeneyi m'madera akumidzi. Ife magulu tili nawo kale, ndipo timakumana mwezi ndi mwezi.

Mukapita kukaona mayi amene wapita padera, tengani ufa, nkhuni ndi ndowa ya madzi monga timachitira pa maliro ena onse. Musamuuze kuti sanali munthu, kapena kuti adzabereka wina. Nenani pepani, khalani pansi, mumvetsereni. Mufunseni ngati magazi asiya ndiponso ngati thupi silikutentha. Mukaona kuti papita masabata ambiri iye osadya, osagona, osafuna kuonana ndi anthu, muperekezeni kuchipatala, chifukwa chisoni chotere chili ndi chithandizo.

Mafunso okambirana pagulu

1. N'chiyani chimaletsa amayi a mumphakati wathu kuyamba sikelo mimba isanapitirire masabata 12, ndipo ndi chiti mwa zimenezi chimene tingachithetse tokha?
2. Mayi atayamba kutaya magazi usiku uno m'mudzi mwathu, angafike bwanji kuchipatala? Kodi bungwe lingasunge kathumba kobwereketsa ndalama ya ulendo wotere, ndipo angakasunge ndani?
3. Ndi amayi awiri ati mwa ife amene atsikana angawauze chinsinsi cha mimba yaing'ono popanda kuchimva pa chitsime mawa lake?

Mayankho a funso lachiwiri ndi lachitatu alembedwe m'buku la mlembi musanatseke msonkhano ndi pemphero, ndipo pa pempherolo mukumbukire ana onse a m'parishi yathu amene anapita osaona dzuwa, pamodzi ndi makolo awo.