Kamangidwe ka Malo ndi Kutentha kwa Nthaka m'Boma la Chiradzulu

Kukatentha m'mwezi wa Okutobala, ambiri timangoti ndi chilimwe basi. Komatu dzuwa lomwelo silitentha mofanana paliponse. Pamsika wa Namadzi masana pamawotcha kuposa m'midzi yoyandikana nawo. M'nkhani ino tiona momwe zinthu zimene zakuta nthaka, komanso kayalidwe kake, zimachititsira kusiyana kumeneku.

Mfundoyi si yachilendo. M'chaka cha 1818, Luke Howard adalemba kuti usiku mumzinda wa London mumatentherako kuposa kumidzi yozungulira. Akatswiri amafanizira tauni ndi chilumba chotentha pakati pa malo ozizira. Masiku ano makina a m'mlengalenga, monga Landsat 8 amene adaponyedwa mu 2013, amayeza kutentha kwa pamwamba pa nthaka. Kutentha kumeneku n'kosiyana ndi kwa mpweya kumene a zanyengo amalengeza pa wailesi. Mpweya ukakhala pa madigiri 32, phula la pamsewu likhoza kupyola madigiri 50.

Wina angafunse kuti Chiradzulu akubweramo bwanji poti kulibe mzinda. Yankho lili pa kuchuluka kwa anthu. Kalembera wa 2018 adapeza anthu 356,875 m'boma limene kukula kwake sikufika masikweya kilomita 800. Malo amalonda monga Njuli, Mbulumbuzi ndi Namadzi adakula mondondozana m'mbali mwa msewu wa Blantyre–Zomba, ndipo dera la Nguludi lakhala likukula chitsegulireni Yunivesite ya Katolika mu 2006. M'malo otere mumapezeka phula, simenti, njerwa zootcha, malata ndi mabwalo osesedwa mbee. Phula ndi lakuda, choncho limamwa pafupifupi dzuwa lonse lomwe laligwera. Njerwa ndi simenti zimasunga kutentha masana n'kumakutulutsa pang'onopang'ono usiku. N'chifukwa chake nyumba ya njerwa imafundabe pakati pa usiku. Malata amatentha msanga n'kuzizira msanga, koma akachita dzimbiri amamwa dzuwa lochuluka kuposa atsopano.

Mtengo umagwira ntchito pawiri. Umapereka mthunzi, komanso umakoka madzi pansi n'kuwatulutsira m'masamba ngati nthunzi. Madzi akamasanduka nthunzi amatenga kutentha, monga momwe thukuta limaziziritsira thupi. Nthaka youma ilibe mwayi umenewu. Apa mpamene pali chodabwitsa: m'chilimwe munda wopanda kanthu, makamaka wotenthedwa mapesi, umatha kuwotcha masana ngati pamsika pomwe. Kusiyana kwenikweni kwa tauni ndi mudzi kumaonekera usiku, poti munda umazizira msanga pamene makoma akadali ofunda.

Kayalidwe ka mitengo nakonso n'kofunika. Mitengo makumi awiri yokhala pamodzi imaziziritsa malo kuposa yomweyo itamwazikana patalipatali, chifukwa pansi pake dzuwa silifika ndipo chinyontho chimakhalitsa. Chitsanzo chabwino ndi kumanda. M'midzi yambiri ndi kokhako kwatsala mitengo yachilengedwe, ndipo aliyense amene adaperekezako maliro m'chilimwe amadziwa kuzizirira kwake. Madambo ndi nkhalango ya m'phiri la Chiradzulu zimachita chimodzimodzi, ngakhale kuti kuphiri mtunda nawo umathandizira: pa mamita 1,000 alionse okwera, mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6.

Chovuta n'chakuti kukula kwa matauniwa kumadya mitengo kawiri: poyamba polambula malo omangapo, kenako pootcha uvuni wa njerwa. Mu 2018 boma lidaletsa njerwa zootcha pa zomangamanga zaboma ndi zikuluzikulu zamalonda, koma munthu wamba akuwotchabe chifukwa njerwa za simenti n'zodula. Sitingamudzudzule kwambiri. M'maganizo mwanga, khonsolo ikamagawa mapuloti pamisika imayenera kuyamba yapatula malo a mitengo, chifukwa ogulitsa tomato, ana asukulu ndi odikira minibasi ndi amene amapsa ndi dzuwa kuyambira 11 koloko mpaka 3 koloko masana.