NTHENDA YOBWERA NDI KUCOKA YA GALIMOTO YA AMALUME

Anzanga, pa chuthi ca Khirisimasi ndinaphunzira cinthu cimene sicinalembedwe pa bolodi, ndipo ndifuna kukuuzani. Amalume anga ali ndi galimoto ya mtundu wa Toyota Prius ya caka ca 2007, imene inabwera kucokera ku Japan itagwira kale nchito. M'galimoto imeneyi amanyamula anthu pakati pa Chikwawa ndi Blantyre, ndipo ndalama zimene amapeza ndizo zimandilipirira sukulu. Cotero pamene galimotoyo inayamba kudwala, ndinadziwa kuti maphunziro anga adwala nayo pamodzi.

Nthenda yace inali yodabwitsa. Masiku ena inkayenda bwino lomwe. Koma masiku ena, pokwera zitunda za kumtunda kwa Thabwa, inkafooka mwadzidzidzi. Amalume ankaponda mafuta, koma iyo inkangokwawa ngati kamba, ndipo nyali yofiira ya ngodya zitatu inkayaka patsogolo pao. Akaima kanthawi pambali pa mseu, mphamvu inkabwerera. Ku galaja inkafika iri bwino, monga mwana amene amacira akaona khomo la cipatala. Mmisiri woyamba anamasula waya wa batire laling'ono, nyali ija nizima, ndipo anati, "Batire lalikulu latha, gulani lina." Mtengo wace unaposa fizi yanga ya caka conse.

Poyamba ndilongosole m'mene galimoto yotere imayendera. Imachedwa hybrid cifukwa iri ndi mphamvu za mitundu iwiri: injini ya petulo ndi mamota awiri a magetsi. Toyota inayamba kugulitsa Prius ku Japan m'caka ca 1997, ndipo ya amalume ndi ya mtundu waciwiri, umene unapangidwa kuyambira 2003 kufikira 2009. Kuseri kwa mpando wa kumbuyo kuli batire lalikulu la zigawo 28. Cigawo ciri conse cimapereka volts 7.2, ndipo zonse pamodzi ndi volts 201.6. M'buti muli batire lina laling'ono la volts 12, limene limadzutsa makompyuta a galimoto. Pansi pa boneti pali bokosi lochedwa inveta, limene limasintha magetsi a batire lalikulu kukhala a mtundu umene mamota amafuna. Inveta imatentha pa nchito yace, motero iri ndi madzi ace-ace oziziritsa, osiyana ndi a injini, ndipo kapampu ka magetsi ndiko kamawazunguza.

Mfundo yaikulu ndi iyi: kompyuta ikaona kuti inveta kapena batire latentha kwambiri, imacepetsa mphamvu dala kuti zinthu zisapse. Tsono kufooka kwa galimoto sikutanthauza nthawi zonse kuti cinthu cacikulu cafa. Kawiri-kawiri galimotoyo imangodziteteza.

Ndinakumbukira mau a aphunzitsi athu a sayansi akuti poyesa cinthu tizilemba zonse zimene taona, ndipo tizisintha cinthu cimodzi pa nthawi imodzi. Ndinati, "Amalume, musagule msanga batire. Ndiloleni ndiyende nanu sabata imodzi ndi kope langa." Iwo anaseka nati, "Iwe mphwanga, kodi kope licitanji pamene mmisiri wanena kale?" Komabe anandilola.

Coyamba, tsono, ndi kulemba. Pa ulendo uli wonse ndinkalemba nthawi, malo, ciwerengero ca anthu, ndi kutentha kwa tsikulo. Pa maulendo 12, galimoto inafooka maulendo 4, ndipo onsewo anali a masana, pokwera zitunda, itayenda kale nthawi yaitali. Mmamawa sinafooke ngakhale kamodzi, ndipo potsika sinabvute konse. Mabampu a mseu sanasinthe kanthu, cotero sitinakaikire waya wogwedera. Kope linatiuza kuti mdani wathu ndi kutentha.

Caciwiri ndi kuyamba ndi zinthu zochipa. Batire laling'ono likafooka, makompyuta amasokonezeka ndi kuyatsa nyali zabodza. Tinabwereka mita yoyezera magetsi, ndipo galimoto iri cizimire batirelo linaonetsa volts zoposa 12 ndi theka, ndipo titailiza zinakwera kufika pafupi 14. Pamenepo panalibe mlandu. Tinayang'ananso sefa ya mpweya wa injini ndi mapulagi, pakuti injini ya hybrid imadwala monga injini ina iri yonse. Zonsezi zinali bwino.

Cacitatu ndi mpweya wa batire lalikulu. Pambali pa mpando wa kumbuyo pali kazenera kamene fani imakokerapo mpweya woziziritsa batirelo. Tinapeza kuti apaulendo amatsamiza matumba ao pa kazenerako, ndipo fani inali itadzala fumbi. Tinaiyeretsa, ndi kuletsa katundu pamalopo. Ndinakondwa, kuganiza kuti tatha. Koma patapita masiku awiri galimoto inafookanso pa citunda comweco. Tikadasintha zinthu zitatu tsiku limodzi, sitikadadziwa kuti fani siyinali gwero la nthendayi.

Cacinai ndi kufunsa galimoto yomwe. Pansi pa ciongolero pali kacibowo ka mano 16 kolumikizapo makina owerengera zolakwika. Nyali yofiira ikayaka, kompyuta imasunga nambala ya colakwaco pamodzi ndi m'mene zinthu zinaliri pa mphindi imeneyo. Koma kumasula waya wa batire laling'ono kumafafaniza zonsezi, ndipo mmisiri woyamba uja anazifafaniza asanaziwerenge. Ulendo uno sitinakhudze waya uli wonse, koma tinapita molunjika kwa mmisiri wina wa ku Blantyre amene ali ndi makinawo. Nambala imene inaturuka inali P0A93, yonena za kuzizira kwa inveta. Ikadakhala P0A80, ndiyo ikadaneneza batire lalikulu. Mmisiriyo anationetsanso kuti kompyuta imayeza batirelo m'magulu 14, zigawo ziwiri-ziwiri, ndipo magulu onse anali ndi mphamvu yofanana pafupi-fupi.

Kenaka anatsegula mosamala kathanki ka madzi a inveta galimoto iri ciyakire. Anati kapampu kakamagwira nchito madziwo amaoneka akubwadamuka, koma m'menemo anali duu ngati a m'mtsuko. Kapampuko kanali katakalamba: kankazungulira mmamawa, koma kakatentha kankaima. Anaika katsopano, nathira madzi oyenera, naturutsa mpweya m'mapaipi. Zonse pamodzi zinadya ndalama zocepa kwambiri poyerekeza ndi batire lija. Mmawa mwace tinakwera zitunda za Thabwa dzuwa liri paliwombo, anthu odzala, ndipo nyali yofiira sinayake.

Ndikucenjezeni cinthu cimodzi, anzanga. Mawaya onse a mtundu wa lalanje m'galimoto ya hybrid amanyamula magetsi okhoza kupha munthu, pakuti m'kati mwa inveta mphamvu imakwera kufika volts 500. Ine sindinakhudze ngakhale umodzi. Nchito ya ife ana a sukulu ndi kuona, kumvetsera ndi kulemba. Kumasula za magetsi akulu ndi kwa mmisiri wophunzira amene ali ndi magolovesi ace.

Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Tsiku lobwerera kuno ku sukulu amalume anandiperekeza pa galimoto yomweyo, fizi iri m'thumba, ndipo anandipempha kuti ndiwasiyire kope lija. Tsopano limakhala pafupi ndi ciongolero, ndipo amalembamo okha.