Phunziro la Zaumoyo: Kuzindikira Matenda a Impso

Amayi anzathu, m'phunziro la mwezi uno tikambirana za impso. Ife amayi ndi amene timasambitsa ana, kuchapa zofunda za odwala ndiponso kudikirira matenda kuchipatala. Choncho mkodzo ukasintha kapena mapazi akayamba kutupa, oyamba kuona ndife. Vuto ndi lakuti impso zimadwala mwakachetechete. Munthu akhoza kutha zaka akulima ndi kuyenda bwinobwino impso zake zikuwonongeka. Tiyeni tidziwe zizindikiro zake ndi mmene achipatala amayezera.

Ntchito ya impso

Munthu ali ndi impso ziwiri zooneka ngati nyemba, iliyonse kukula ngati chibakera chake. Zili chakumsana, mmunsi mwa nthiti. Tsiku lililonse zimasefa madzi a m'magazi okwana malita pafupifupi 180, ndipo ambiri zimawabwezera m'thupi. Otsala, lita imodzi kapena awiri, amatuluka ngati mkodzo pamodzi ndi zoipa. Impso zimasamalanso mchere m'thupi, zimathandiza kuti magazi asathamange mopitirira, komanso zimachititsa kuti thupi lipange magazi. Ndi chifukwa chake impso zikafooka thupi lonse limavutika.

Zizindikiro zoyenera kuziona

1. Kutupa. Zikope ndi nkhope zimatupa m'mawa, mapazi madzulo. Mukadina mwendo ndi chala pamatsala kadzenje.
2. Mkodzo wa thovu lochedwa kutha. Zimenezi zimasonyeza kuti mapuloteni akudutsa m'sefa ya impso.
3. Mkodzo wa magazi kapena wakuda ngati tiyi wopanda mkaka.
4. Kukodza pang'ono kwambiri, kapena kudzuka kangapo usiku kukakodza.
5. Kufooka ndi kuchepa magazi popanda chifukwa chodziwika.
6. Matenda akakula: kusafuna kudya, nseru, kusanza, kuyabwa thupi lonse, kubanika ndi kusokonezeka mutu.

Ambiri msana ukapweteka timathamangira kunena kuti ndi impso, pamene kawirikawiri ndi minofu kapena mafupa. Impso zowonongeka pang'onopang'ono sizipweteka. Ululu wa m'mbali mwa msana umaloza ku impso makamaka ngati pali kutentha thupi, kuwawa pokodza, kapena magazi mu mkodzo. Kutupa nakonso kukhoza kuchokera ku mtima, chiwindi kapena kunyentchera. Sitingasiyanitse ndi maso okha, pafunika kuyezetsa.

Matenda adzidzidzi ndi matenda a mgonagona

Impso zikhoza kuima mwadzidzidzi, m'masiku ochepa. Izi zimachitika munthu akatsekula m'mimba kwambiri, monga mmene zinalili pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, akadwala malungo aakulu, kapena mayi akataya magazi ambiri pobereka. Mankhwala ena azitsamba, komanso kumwa Brufen, Indocid kapena diclofenac mosalekeza, zimavulazanso impso. Wodwala akatha tsiku lonse osakodza kapena kukodza timadontho chabe, tisadikire kuti kuche. Akathandizidwa msanga impso zambiri zimachira.

Matenda a mgonagona ndi amene apitirira miyezi itatu. Amabwera makamaka ndi shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Kachilombo ka HIV kakhozanso kuwononga impso, ndipo ena mwa ma ARV amafuna kuti impso ziziyezedwa. Tisasiye kumwa ma ARV, koma tizifunsa za impso tikapita kukalandira.

Anzathu a kunyanja, monga ku Likoma, Nkhotakota ndi Mangochi, tisamatenge mkodzo wa magazi ngati chizindikiro chakuti mnyamata wakula. Ndi likodzo, ndipo likakhalitsa limatseka njira za mkodzo mpaka kuwononga impso. Mankhwala ake, praziquantel, alipo. Mwa abambo achikulire, kukodza movutikira kungatanthauze kuti njira yatsekeka. Mwa ife amayi, khansa ya khomo la chiberekero ikakula imathanso kutseka njirazi.

Amayi oyembekezera ndi ana

Mayi woyembekezera akatupa nkhope ndi manja, akumva mutu waukulu kapena akuona mwachimbuuzi, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Magazi akhoza kukhala kuti akwera, ndipo mayi akhoza kukomoka. Ndi chifukwa chake kusikelo amayeza BP ndi mkodzo. Mwana nayenso akatupa nkhope ndi kukodza mkodzo wakuda patapita sabata imodzi, ziwiri kapena zingapo atadwala zilonda zapakhosi kapena zapakhungu, tiganizire za impso.

Mmene achipatala amayezera

Poyamba amafunsa mafunso. Tiwauze zonse mosabisa: kutupa kunayamba liti, mkodzo ukutuluka wochuluka bwanji, ndi mankhwala ati amene wodwala wamwa, azitsamba omwe. Titenge buku la kuchipatala ndi mapaketi a mankhwalawo.

Kenaka amayeza BP. Ikamapezeka pa 140/90 kapena kupitirira kangapo, ndiye kuti yakwera. Amaonanso maso ngati magazi achepa, kudina miyendo, ndi kumvetsera mtima ndi mapapo.

Mkodzo amauyeza poviikamo kapepala kosintha mtundu. M'mphindi ziwiri kamasonyeza ngati muli mapuloteni, magazi kapena shuga.

M'magazi amayeza creatinine, chinthu chochokera m'minofu chimene impso zathanzi zimataya. Akachuluka ndiye kuti sefa yafooka. Kuchokera pamenepo amawerengera nambala yotchedwa eGFR. Ya munthu wathanzi imakhala 90 kapena kupitirira. Ikakhala pansi pa 60 kwa miyezi itatu, ndiye matenda a mgonagona. Ikatsika pansi pa 15, impso zalephera. Choncho akatiuza kuti tibwerenso adzayezenso, tisanyozere.

Pomaliza amajambula pamimba ndi makina a sikani. Impso zazing'ono, zofota, zimasonyeza matenda akale. Zofufuma ndi mkodzo zimasonyeza kuti njira yatsekeka.

Impso zikalephereratu pamafunika makina osefa magazi otchedwa dialysis, monga a ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre. Wodwala amayenera kupitako kawiri kapena katatu pa sabata, ndipo kwa banja lakumudzi ndi mtolo wolemera. Matenda akadziwika msanga, mankhwala a BP ndi shuga pamodzi ndi kuchepetsa mchere m'ndiwo zimateteza impso kwa zaka zambiri.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Kwathu kuno munthu akatupa mapazi anthu amati chiyani, ndipo amayamba kupita kuti?
2. Ndi angati mwa ife amene ayezetsa BP ndi shuga chaka chino?
3. Tikamayendera odwala, tingafunse bwanji za mkodzo mwaulemu?

Chochita: kuyambira 2006, Lachinayi lachiwiri la mwezi wa Marichi ndi tsiku lokumbukira impso pa dziko lonse. Gulu lililonse lipangane tsiku loyandikira pamenepo lopita pamodzi kukayezetsa BP ndi mkodzo, ndipo titenge abambo athu.