Phunziro la zaumoyo: Zotupa za m'chiberekero zimakula bwanji?

Ndisanafike kuno kukampu ndinakhalako ku Chiwanda, m'mbali mwa nyanja, m'boma la Nyasa ku Tanzania. Mayi amene anandisunga ankagulitsa usipa ku Mbamba Bay. Mimba yawo inayamba kukula, anthu nkumati ndi oyembekezera. Chaka chitatha popanda mwana, anayamba kunena kuti awalodza. Pomwe ankapita kuchipatala n'kuti magazi atawathera m'thupi. Sikani inaonetsa zotupa za m'chiberekero, zimene madokotala amati mafaibroidi.

Khoma la chiberekero ndi mnofu. Chotupa chimayamba pamene selo limodzi la mnofuwu layamba kuswana mopitirira, mpaka kupanga chibulumwa cholimba. China chimakhala ngati njere ya nyemba, china chimakula ngati dzungu. Si khansa, si matenda opatsirana, ndipo si chizindikiro cha chiwerewere.

Nanga chimachikulitsa n'chiyani? Choyamba ndi mahomoni awiri achikazi, estrogen ndi progesterone. N'chifukwa chake zotupazi zimakula pazaka zobereka, ndipo kawirikawiri zimafota mayi akasiya kusamba.

Chachiwiri ndi puloteni yotchedwa IGF-1, yomwe imauza maselo kuti aswane ndiponso asafe msanga. Yambiri imapangidwa m'chiwindi, koma maselo a chiberekero amapanganso yawo. Tingaiyerekeze ndi feteleza. Thupi lili ndi mapuloteni ena 6, otchedwa IGFBP, amene amaigwira ngati matumba osungira fetelezayo. Feteleza ali m'thumba lomanga sakulitsa mbewu. Momwemonso IGF-1 yogwidwa siifika paselo mpaka itamasulidwa. Choncho kukula kwa chotupa sikudalira kuchuluka kwa IGF-1 kokha, komanso mmene ikugwidwira ndi kumasulidwira pamalopo.

Zonsezi zimachitika mwakachetechete, ndipo amayi ambiri amakhala ndi zotupa popanda vuto lililonse. Koma amayi achikuda zimatipeza kwambiri, komanso tikadali achichepere.

Pitani kuchipatala mukaona izi:
- kutaya magazi ambiri posamba, kapena kusamba kupitirira masiku 7
- kufooka, chizungulire ndi kuthamanga kwa mtima
- mimba kukula kapena kulemera m'munsi pomwe simuli oyembekezera
- kukodza pafupipafupi kapena kudzimbidwa
- kuvutika kutenga pakati

Ambiri timaopa kuti akatichotsa chiberekero. Si onse amafunika opaleshoni. Pali mankhwala ochepetsa kutaya magazi ndi mapilitsi owonjezera magazi. Palinso opaleshoni yochotsa zotupa zokha, chiberekero nkutsala. Funsani dokotala njira yokuyenerani, ndipo muuzeni ngati mukufunabe kubereka.

Mayi a ku Chiwanda aja anawachita opaleshoni, ndipo anabwerera kumsika. Chimene chimandipwetekabe ndi chaka chija anakhala akuvutika m'nyumba chifukwa cha manyazi. Amayi anzanga, ngati kupita nokha kukukuvutani, tiuzeni ife odzipereka a zaumoyo m'dera lanu, tikuperekezani.