KAMANGIDWE KA BWALO LOLIMBA KU MAPIRI OZIZIRA

Inu amene mukhala ku mapiri, ku Dedza ndi ku Bembeke, ku Lizulu ndi ku Tsangano, ku Viphya ndi m'mphepete mwa Nyika, mudziwa nokha kuti cimanga canu ciuma mocedwa kuposa ca anzanu a kunyanja. Pa boma pa Dedza ndi pokwera mapazi oposa 5,000 kucokera pa nyanja ya mcere, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julaye mame akhala pa udzu kufikira dzuwa litakwera ndithu. Ku Thyolo ndi ku Mulanje ciperoni ciwaza masiku angapo osaleka. Mai ayanika nyemba kapena mtedza pabwalo, koma dothi la pabwalopo liri lonyowa pansi, ndipo mbeu zimwanso usiku cinyezi cimene zinataya usana.

Mbeu zouma mocedwa zigwidwa ndi cuku. Ambiri ayesa cuku kanthu kacabe, kongowawitsa nsima, koma si tero ai. M'caka ca 1960 ku England kunafa nkhukundembo monga 100,000 zitadya cakudya ca mtedza wocokera ku Brazil, ndipo pofufuza imfayo anapeza ululu wa cuku umene aucha aflatoxin. M'caka ca 2004 ku Kenya anthu 125 anafa ndi cimanga cokhala ndi ululu womwewo. Ululu umenewu uononga ciwindi, ndipo sutha ndi kuphika. Cuku cobala ululuwo cikhala m'dothi. Cifukwa cace munthu wofuna kusunga ana ace acotse mbeu zace pa dothi, aziyanike pa malo ouma ndi osesedwa. Bwalo la miyala kapena la njerwa pafupi ndi nyumba ligwira nchito imeneyi zaka zambiri, ndiponso likhala poothera dzuwa agogo ndi pokwawira mwana wopanda kudya matope.

Mdani wa bwalo ali pansi pace

Anthu ambiri pomanga bwalo ayang'ana pamwamba pokha. Akula simenti pang'ono pa dothi, asalaza bwino, ndipo caka cisanathe bwalo lang'ambika monga phale. Anena kuti mmisiri anaba simenti. Kapena anabadi; koma kawiri kawiri colakwa ndi madzi okhala pansi.

Tiphunzire kwa anthu a maiko ozizira kopambana. Madzi akauma ndi cisanu atupa, kotero kuti mabotolo 11 a madzi asanduka monga mabotolo 12 a madzi oundana. Ku Canada nthaka yeniyeni iundana m'nyengo yozizira, ndipo ku Toronto omanga nyumba akumba maziko mapazi 4 kuti apitirire nthaka youndanayo. Bwalo loyalidwa pa dothi lonyowa kumeneko likwezeka m'cisanu, ndipo kukafunda litsika mosalingana. Tsono iwo ayala mabwalo ao pa miyala yophwanya, imene sisunga madzi, pakuti popanda madzi palibe cotupa.

Kwathu kuno cisanu cigwa pa Nyika ndi m'madambo a ku mapiri, cipsereza masamba a mbatata ndi nyemba, koma sicilowa pansi kuundanitsa nthaka. Komabe bvuto lathu lifanana ndi lao. Dothi la makande likamwa mvula litupa, ndipo m'malimwe liuma ndi kung'aluka ming'alu yolowa dzanja. Dothi lakuda la pamwamba liri ndi mizu ndi zinyalala zimene ziola ndi kusiya mphako. Ndiponso kumene kuzizira, dothi likanyowa licedwa kuuma. Cotero mankhwala ndi omwewo: cotsani dothi lofewa, ikani miyala pansi, ndipo patsani madzi njira yocokera.

Kusankha malo

Apa lingalirani bwino musanagwire khasu, pakuti bwalo silisamuka. M'miyezi yozizira dzuwa la dziko lathu lidzera cakumpoto, ndipo mthunzi wa nyumba ugwera kumwera. Mphepo yozizira ya mwera nayonso icokera cakumwera ndi kum'mawa. Motero bwalo likhale kumpoto kwa nyumba: kumeneko lilandira dzuwa tsiku lonse pa nyengo yokolola, ndipo nyumba ilichinjiriza ku mphepo. Ndaona mabwalo okongola omangidwa kumwera cifukwa cakuti ndiko kuyang'ana mseu. M'Julaye amera ndere, aterera, ndipo nkhalamba ziopa kupondapo. Musamange pafupi ndi bulugama kapena mtengo wina waukuru, cifukwa mizu idzatukula miyala. Pewaninso pamene panali dzenje la zinyalala kapena cimbudzi cakale.

Nyengo yabwino ya nchitoyi ndi kuyambira Ogasiti kufikira Okutobala, zokolola ziri m'nkhokwe, mvula isanagwe.

Kukumba ndi kupendeketsa

Kwa banja limodzi bwalo la mapazi 15 m'litali ndi 12 m'lifupi likwanira. Khomani zikhomo zinai ndi kumanga cingwe. Kumbani mainchesi 9, kapena kupitirira ngati simunafike pa dothi lolimba; pa makande onjezani mainchesi 4 ena. Zulani mizu yonse. Dothi lakuda limene mwacotsa musalitaye, kaliikeni kudimba.

Bwalo lisakhale lathyathyathya. Lipendeke kucokera ku nyumba, kutsika inchesi imodzi pa mapazi 5 ali onse. Pa bwalo la mapazi 12 ndiye kuti mbali ya kunja ikhala pansi monga mainchesi awiri ndi theka. Diso silizindikira kupendeka kotere, ndipo mtondo uima bwino, koma madzi akuzindikira. Wopanda levulo abwereke kwa mmisiri, kapena atenge paipi yoonekera m'kati, adzazemo madzi, pakuti madzi a ku nsonga ziwiri aima molingana nthawi zonse. Kupendekaku kuyambire pansi pa dzenje penipeni. Musayembekeze kukonza ndi mcenga pamwamba. Ndipo pamwamba pa bwalo pakhale potsika mainchesi 6 kuyerekeza ndi pansi pa m'nyumba, kuti madzi odontha pa denga asathovukire cipupa ndi kulowa pakhomo.

Maziko

Nchito yolemetsa ndi iyi, ndipo ndiyo imene anthu aithawa. Sinjani pansi pa dzenje ndi cipika colemera cokhala ndi cogwirira, monga musinja ndi munsi. Dothi likauma kwambiri liwazeni madzi pang'ono, koma lisasanduke matope. Tsono thirani miyala yophwanya, yaikuru monga dzira la nkhuku ndi ina yocepa, kapena zidutswa za njerwa za nyumba yakugwa, kufikira mainchesi 5 kapena 6. Musathire yonse nthawi imodzi. Thirani theka, sinjani, thiraninso theka lina, sinjaninso. Munthu wothira zonse pamodzi alimbitsa pamwamba pokha, ndipo za pansi zidzatsika zokha mvula ikabwera. Mudzadziwa kuti mwatha pamene wilibala yodzaza ipita osasiya mkwasa. Itanani anyamata a m'mudzi, muwaphikire thobwa. Anthu asanu atha tsiku limodzi nchito imene mmodzi aileka pakati.

Pamwamba pa miyala yalani mcenga wa kumtsinje inchesi imodzi ndi theka, ndi kuusalaza ndi thabwa loongoka. Ukhale mcenga wokhakhala, wosasakanizika ndi dothi. Uyeseni potero: fumbatani wonyowa m'dzanja, ndipo ukadetsa cikhato ndi kumatirira, muli dothi, usiyeni.

Miyala kapena njerwa

Inu a ku mapiri muli ndi mwai, pakuti miyala yaphanthiphanthi iri pafupi, siigula ndarama ndipo siitha nkhuni. Ine ndiikonda kuposa njerwa. Kuocha njerwa kwatha mitengo yambiri m'dziko muno, ndipo m'caka ca 2018 Boma linaletsa njerwa zoocha pa zomanga za Boma ndi za malonda. Sankhani miyala yocindikala mainchesi awiri kapena atatu. Yopyapyala isweka pansi pa mtondo.

Ngati muli nazo kale njerwa, sankhani zakupsa bwino. Gundanitsani ziwiri: yakupsa ilira ngati citsulo, yosapsa ingoti phu. Ina iikeni m'madzi usiku wonse, ndipo ikafewa kapena kunyenyeka m'mphepete, mulu umenewo suyenera bwalo, ngakhale uyenera cipupa ca m'kati mwa nyumba. Njerwa ya mainchesi 9 ndi 4 ndi theka, yogonekedwa, ilowa 32 pa yadi imodzi ya mbali zonse. Bwalo lathu lija lifuna 640, ndipo pamodzi ndi za m'mphepete ndi zosweka konzani 750. Zikombole za m'midzi zisiyana, cotero yesani zanu poyamba.

Yambani ndi mphepete. Imikani njerwa kapena miyala yaitali kuzungulira bwalo lonse, yozama m'nthaka, ndipo ngati mukhoza kugula simenti thumba limodzi, malo ace ndi ano. Bwalo lopanda mphepete yolimba limwazika pang'ono pang'ono kuyambira kunja. Koma ku mbali yotsika siyani timipata kuti madzi aturuke. Pamenepo yalani za m'kati pa mcenga, kuyambira pa ngodya imodzi, mwa kugogoda uli wonse ndi mtengo kufikira utakhazikika ndi kulingana ndi cingwe. Njerwa ziyalidwe mopingasa, monga maluko a mphasa, kuti mizere isayende molunjika kucokera mbali ina kufikira ina. Potsiriza thirani mcenga wouma pamwamba, sesererani m'mipata, wazani madzi, ndi kubwereza mawa lace.

Wina adzafunsa, bwanji osamata mipata ndi simenti? Cifukwa nthaka isuntha pang'ono caka ndi caka ngakhale mwasinja bwino. Bwalo la mcenga lisuntha nayo osasweka, ndipo mwala umodzi ukatsika muuzula, muonjeza mcenga, muubwezera. Bwalo lomata likasweka lifuna simenti yina. Koma iye amene afunitsitsa konkire, aike maziko omwewa a miyala, athire mainchesi 4, muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mcenga, inai ya miyala, ndipo adule mzere pakati kuti mng'alu ukadza utsate pamenepo. Adziwenso kuti simenti icedwa kugwira kukazizira. Aifunditse udzu usiku ndi kuithirira masiku 7 asanapondepo.

Ngalande ndi kusamala

Kumunsi kwa bwalo kumbani ngalande yotengera madzi ku nthoci kapena kudimba, isalunjike ku nyumba ya mnansi kapena ku njira ya mudzi, kumene idzayamba cigwembe. Ngati nyumba iri pa mtsetse, kumbani yinanso kumtunda, kuti madzi a m'phiri asadzere pansi pa maziko. Kampanda ka bango kapena ka nsungwi kaletsa mbuzi ndi nkhuku, koma kakhale kafupi ku mbali ya dzuwa.

Poyanika, sesani bwalo, dikirani mame aume, ndipo yalani mbeu mopyapyala, makamaka pa mphasa. Madzulo zilowetseni m'nyumba, pakuti mame a ku mapiri sasamala kuti bwalo ndi la miyala. Mvula yoyamba ikagwa, turukani mukaone pamene madzi aima. Lembanipo ndi khala, ndipo kukaca zulani miyala ya pamenepo ndi kuonjeza mcenga. Udzu womera m'mipata uzuleni ukali waung'ono, ndipo mwezi wa Epulo, musanayambe kukolola, sesereraninso mcenga watsopano.