Dziwani ufulu wanu: mukanamiziridwa pa ntchito yolera ana ku England

Ku England, ambiri olera ana a eni pakhomo pawo amalembetsa ku bungwe loyang'anira ntchitoyi la Ofsted, ndipo kholo lililonse likhoza kukadandaula kumeneko. Chomvetsa chisoni n'choti ena amadandaula chifukwa cha njiru, kapena pozemba ngongole ya malipiro. Zotere zimapweteka kwambiri, pakuti Ofsted ikhoza kukuimitsani ntchito kwa milungu 6 pamene ikufufuza.

Komabe muli ndi pothawira. Mukaimitsidwa, muli ndi masiku 10 ogwira ntchito oti muchite apilo ku bwalo la milandu la First-tier Tribunal. Dandaulo lolembedwa limene kholo lakupatsani muliyankhe pasanathe masiku 28, monga malamulo akunenera. Mwana akagwa n'kusupuka bondo, lembani nthawi ndi mmene zachitikira tsiku lomwelo, kholo lisayinire pobwera kudzamutenga. Mauthenga a pafoni okhudza ndalama musawafufute, chifukwa ndiwo adzakuchitireni umboni.