Mchere Ukanyowa Wokha: Phunziro la Kusunga Mankhwala a Sayansi

M'boma la Milange mpweya umakhala ndi chinyontho miyezi yambiri. Mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndipo m'nyengo yozizira mumabwera chiperoni, mvula yowaza imene inatenga dzina lake ku phiri la Chiperone la m'boma lomweli. Chifukwa cha ichi, mankhwala okhala ngati timibulu ta mchere, amene timasunga m'chipinda cha sayansi, sachedwa kuwonongeka.

Kuwonongekaku kuli mitundu iwiri. Mankhwala ena amakoka madzi mumpweya mpaka kusanduka madzimadzi. Chitsanzo ndi soda yopangira sopo, imene imawotcha khungu ikatayikira. Pa Chipwitikizi amati deliquescência. Ena amataya madzi awo mpweya ukauma, makamaka mu Okutobala. Timibulu towala ta sodium carbonate tili ndi madzi okwana magawo 63 pa 100 aliwonse a kulemera kwake, ndipo tikasiyidwa poyera timasanduka ufa woyera. Uku ndiko kutchedwa eflorescência. Mankhwala otere akayezedwa pasikelo, kulemera kwake kumanamiza, ndipo zoyeserera za ophunzira zimalephereka.

Inu aphunzitsi, musayambe ndi mawu a Chipwitikiziwa. Yambani ndi zimene mwana waona kwawo: mchere umene umanyowa m'chikho nthawi ya dzinja, kapena feteleza amene amagwirana n'kukhala chibuma m'thumba lotsekula. Funsani kuti: "Madziwa achokera kuti, popeza palibe amene wathira?"

Samalani ndi liwu lakuti "kusungunuka". M'chinenero chathu mafuta amasungunuka pamoto, mcherenso umasungunuka m'madzi. Mwana akangomva liwuli payekha angaganize kuti mchere wanyowa chifukwa cha kutentha. Nenani momveka kuti "wakoka madzi mumpweya". Akamvetsa ganizoli, ndiye mum'patse dzina la Chipwitikizi.

Ntchito: Ikani mchere wamiyala m'mabotolo awiri ouma tsiku la chinyontho. Limodzi mulitseke zolimba, lina mulisiye lotsekula. Pakatha masiku atatu, ophunzira afotokoze m'chinenero chawo zimene aona, kenako alembe malamulo osungira mankhwala: kutseka botolo msanga, kugwiritsa ntchito supuni youma, kulemba dzina ndi tsiku pabotolo, ndi kusakhudza soda ndi manja.